Labala, khofi kapena makadamiya: mudzale uti pamalo anu?

Anzathu ambiri ogwira ntchito muno mu Mzuzu akugula timalo kapena kubwerera kuminda ya makolo, ndipo funso limene likuvuta ndi lakuti adzale mtengo wanji woti uzidzawadyetsa akadzapuma pantchito. Amene amadutsa mumsewu wa M5 kupita ku Chintheche amakopeka ndi mitengo ya labala ya pa esiteti ya Vizara ku Nkhata Bay, yondandalikana bwino m'mizere, kunsi kwake kuli mthunzi wa zii, anyamata akunjanjitsa mipira m'mbali mwa msewu kuti apaulendo agule. Munthu amangoti nanenso ndikadzala imeneyi. Dikirani kaye, akuluakulu.

Choyamba ndi malo. Labala kwawo ndi kunkhalango za Amazon ku Brazil, ndipo amafuna kotentha, kwachinyontho, kwa mvula yambiri yogwa miyezi yochuluka. N'chifukwa chake ali kumunsi ku Nkhata Bay, osati pamtunda pano pamene June akafika timagona ndi majuzi. Ngati malo anu ali chakuno ku Mzuzu, ku Viphya, ku Phoka kapena ku Misuku, za labala iwalani. Kumeneko n'kwa khofi wa Arabica, amene amakonda kozizira, ndipo makadamiya nawonso amachita bwino kumtunda. Mpikisano weniweni uli kwa amene ali ndi malo otsetserekera kunyanja.

Pa kudikira, khofi ndiye wachangu: zaka zitatu mwayamba kuthyola. Makadamiya amayamba kuonetsa pakatha zaka zinayi kapena zisanu, koma kuti mtengo ubereke mokwanira pamafunika pafupifupi zaka khumi. Labala simumukhudza ndi mpeni mpaka atakwanitsa zaka 6 kapena 7, thunthu litanenepa. Zaka zonsezo mukulimirira, mukuteteza kumoto, m'thumba simukulowa kanthu kupatula zimene mwadzala pakati pa mizere, monga nyemba, chinanazi kapena nthochi. Nthochizonso samalani nazo, paja matenda a chisaka anasesa minda yambiri ku Nkhata Bay komweko.

Koma labala akayamba, ali ndi ubwino umene mitengo iwiri inayo ilibe. Khofi ndi makadamiya amakolola kamodzi pachaka, ndalama imabwera pamodzi, ikatha mudikire chaka chamawa. Labala ali ngati ng'ombe yamkaka. M'bandakucha, kusanatenthe, munthu amasenga kakhungwa kopyapyala mopendeketsa, utomoni woyera n'kumatsika pang'onopang'ono kugwera m'kachikho komangiriridwa pathunthu. Akadumphitsa tsiku limodzi kapena awiri, abwereranso pamtengo womwewo. Zimatero pafupifupi chaka chonse, kupatula nthawi imene mitengo yayoyola masamba kapena mvula ikagwa m'mawa n'kunyowetsa makungwa. Mtengo umodzi umatha kukamidwa zaka zoposa 20, ndipo ukakalamba umachekedwa matabwa opangira mipando ndi matebulo. Khofi akakalamba ndi nkhuni basi.

Ntchito yosengayo si ya aliyense. Mpeni ukalowa kwambiri umavulaza mtengo, khungwa limamera mabampu, ndipo pamenepo simudzasenganso bwino. Ukalowa pang'ono, utomoni sutuluka wokwanira. Ndiye inu amene mumakhala m'tauni n'kumalima pafoni, ganizirani bwino amene mudzamusiyire mpeniwo. Khofi naye ali ndi zake: kudulira, feteleza, mankhwala a mbozi yoboola tsinde, ndi kuthyola zofiira zokhazokha kamodzikamodzi. Komabe ganyu wothyola khofi mukhoza kumuphunzitsa tsiku limodzi.

Tsopano pamene pagona nkhani: mudzagulitsa kwa yani? Khofi ali ndi njira yake yopondeka kale. Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union imasonkhanitsa alimi ang'onoang'ono kuchokera ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a Nkhata Bay ndi mbali ina ya Mzimba, ili ndi malo ochotsera makoko kufupi ndi alimi, ndipo dzina la khofi wa Mzuzu likudziwika kunja. Ngakhale muli ndi mitengo 300 yokha, muli ndi pokapereka. Labala kuno kwathu wakhala mbewu ya esiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo fakitale yodziwika yokonza utomoni ndi ya ku Vizara komweko. Utomoni sudyedwa, suikidwa munkhokwe, ndipo ukaundana n'kukhalitsa fungo lake ndi loti anansi akusamutseni. Wogula akakhala mmodzi, mtengo amatchula ndi iyeyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: musadzale labala chifukwa chongomva kuti msika ulipo, kambiranani ndi wogula ndipo mulemberane mbande isanalowe m'nthaka.

Izi sizikutanthauza kuti labala sangatukule mlimi wamng'ono. Ku Thailand ndi ku Indonesia, maiko amene amatulutsa labala wambiri padziko lonse, gawo lalikulu limachokera kwa alimi a minda ing'onoing'ono. Côte d'Ivoire yafika potsogola mu Africa muno m'njira yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mafakitale ndi ambiri, amalimbirana mlimi. Ku Liberia zinayenda mwina: kampani ya matayala ya Firestone inatsegula munda waukulu mu 1926, labala wakhala akutuluka kwa zaka pafupifupi 100, koma wochuluka amapita kunja wosapangidwa kanthu. Ifenso tikutumiza labala kunja kwinaku tikugula matayala ndi ndalama zakunja zimene zikusowazi, chonsecho labala wambiri padziko amathera kumatayala komweko. Dziko limapindula ndi ntchito za paesiteti ndi madola olowa, inde, koma phindu lonona limatsalira kwa wopanga tayala.

Mitengo yapamsika wakunja imasewera ndi onse atatu. Labala anakwera kwambiri mu 2011, kenako anagwa n'kukhala pansi zaka zambiri, alimi ena ku Asia mpaka anadula mitengo yawo. Makadamiya anali golide wa aliyense mpaka cha mu 2022 ndi 2023 pamene mtengo unatsika koopsa. Khofi amakwera ndi kutsika malinga ndi mmene kwacherera ku Brazil, kumene amalima khofi wambiri. Palibe woyera pamenepa.

Kwa ine, munthu wa maekala awiri kapena atatu kumtunda adzale khofi, aikemo makadamiya angapo m'malire kuti adzapeze ana. Wa kumunsi kotentha, amene ali ndi malo aakulu, ndalama ina yodyera zaka zisanu ndi ziwiri, munthu wodalirika wokhala pamunda pomwepo, ndiponso pepala la wogula m'manja, ameneyo labala amuyenera. Chikasowapo chimodzi mwa zinayizi, chinangwa ndi chinanazi zikhale zikugwira malowo kaye.