Kaofesi ka seguro ku Ulongwe: pamene kamathandiza ndi pamene kamaperewera

Kaofesi ka seguro (inshuwalansi) ka ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndi chipinda chimodzi chabe kufupi ndi msika: tebulo, kompyuta, makina osindikizira, benchi la makasitomala, ndi mafailo omangidwa ndi mphira atasanjikizana pashelefu. Nyengo yokolola kachewere benchilo limadzaza eni malole ndi oyendetsa chapa (minibasi), aliyense atagwira livrete yake, pepala lolembetsera galimoto, m'kapepala kapulasitiki kuopa thukuta. Kaofesika si kampani ya inshuwalansi. Ndi mkhalapakati: amagulitsa seguro ya makampani akuluakulu, iye n'kumadyera komishoni.

Malonda otere ndi a dzulodzulo kuno. Mu 1977 boma linaphatikiza makampani a inshuwalansi a nthawi ya atsamunda n'kupanga kampani ya boma ya EMOSE, ndipo kwa zaka zoposa khumi ukati seguro unkatanthauza EMOSE basi. Khomo linatsegukira makampani ena mu 1991. Koma chimene chinadzetsa maofesi ang'onoang'ono m'matauni ngati Ulongwe ndi lamulo la 2003, limene linakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi seguro yolipira anthu ena ngozi ikachitika. Apolisi apamsewu atayamba kufunsa pepalalo, makasitomala anabwera okha. Mu 2010 boma linakhazikitsa bungwe la ISSM kuti liziyang'anira ntchito yonseyi, ndipo mkhalapakati aliyense ayenera kukhala m'kaundula wa bungwe loyang'anira inshuwalansi. Funsani chiphaso chake musanatulutse ndalama. Funsaninso ngati ndi agente, amene amagwira ntchito m'dzina la kampani imene anapangana nayo, kapena corretor, amene ali ndi ufulu wokufunirani mtengo kumakampani angapo. Pakhomo onse amalemba "seguros" chimodzimodzi.

Kugula seguro wamba sikuvuta, ndipo apa kaofesika kamakhoza. Tengani livrete, título de propriedade (pepala la umwini wa galimoto), BI (chitupa chanu) ndi nambala ya msonkho ya NUIT. Netiweki ikakhala bwino mumatuluka ndi pepala lanu tsiku lomwelo, osakwera chapa kupita ku Tete, mtunda wa makilomita oposa 200. Mwini ofesi amalankhula Chichewa, amakufotokozerani Chipwitikizi cha pa apólice, pepala la mgwirizano wa seguro, mzere ndi mzere, ndipo amaimba foni seguro ikatsala pang'ono kutha. Musananyamuke yerekezani nambala ya galimoto ndi ya chasisi pa pepalalo ndi zimene zili mu livrete. Chilembo chimodzi cholakwika chimakwanira kuchedwetsa malipiro. Lisiti likhale la kampani yeniyeniyo, osati kapepala kolemba pamanja. Mukalipira pa M-Pesa kapena e-Mola kunambala ya munthu, ndalama n'kugona m'thumba mwake osafika kukampani, ndiye kuti mukuyenda opanda seguro ngakhale pepala lili m'galimoto.

Pamene kaofesika kamaperewera ndi pofotokoza zimene seguro yotsika mtengoyo sichita. Wogulitsa amafulumira, wogula naye amangofuna pepala loonetsa apolisi. Seguro yokakamizidwayi imalipira munthu amene mwamugunda ndi katundu wake. Lole yanu ikagubuduzika pamsewu wotsikira ku Mussacama, galimoto ndi yanu kukonza, ndipo matumba a mbatata amene amwazika m'ngalande palibe amene angakubwezereni, chifukwa katundu wonyamulidwa ali ndi seguro yakeyake. Ngakhale amene agula seguro yaikulu yoteteza galimoto yawo amadabwa ndi franquia, ndiye kuti gawo limene mwini galimoto amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Funsani kuti ndi mametikali angati, ndipo alembe.

Pali zinthu zitatu zimene zimagwetsa madandaulo ambiri, ndipo zonse zimayambira pabenchi lomwelo. Kulembetsa galimoto kuti ndi yapabanja kuti mtengo utsike, chonsecho imanyamula anthu. Kupereka chiwongolero kwa mnyamata amene laisensi yake siyilola kuyendetsa lole kapena chapa. Ndiponso kugula galimoto n'kusiya mapepala ali m'dzina la mwini wakale. Mkhalapakati wabwino amayenera kukana zoterezi; wofuna komishoni amangotsinzina.

Ngozi ikachitika, itanani apolisi, jambulani zithunzi galimoto zisanasunthidwe, lembani mayina a mboni, ndipo kadziwitseni ofesi msanga, masiku olembedwa pa apólice asanathe. Musapite nayo kwa makaniko kuti ayambe kuwongola perito, woyesa kuwonongeka uja, asanaione. Apa mpamene mumadziwa phindu la kaofesi kakwanu: mwini wake amadzaza nanu fomu, amatumiza mapepala, ndipo mumatha kumupeza tsiku lililonse n'kumufunsa kuti zafika pati. Koma mphamvu yovomereza malipiro alibe. Perito amachokera kutali, chigamulo chimapangidwa kulikulu la kampani, ndipo galimoto imatha kukhala pamiyala mpaka msika wa mbatata kudutsa.

Za malire mwini ofesi amazidziwa bwino, poti chipata cha Calomue cholowera ku Malawi ndi pafupi. Seguro yogula kuno siyimangowoloka yokha kupita ku Dedza. Onani pa apólice mayiko amene alembedwapo. A ku Malawi obwera ndi Yellow Card, seguro yoyendera m'mayiko a bungwe la COMESA, amauzidwa zoona kuti kuno siyigwira ntchito, chifukwa Mozambique sali m'bungwelo, ndipo amayenera kugula seguro ina pachipata asanalowe.