Kashopu ka ku Kapata komwe amapenta ndeke zomwe sizinaulukepo

Ine ntchito yanga ndi yopenta magalimoto ndi kulemba zikwangwani, choncho penti yabodza ndimaiona msanga. Mwana wa mlongo wanga ndiye anandikokera ku kashopu kena ka makompyuta kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Mwini wake ndi mnyamata wofatsa, amakonza malaputopu, koma pambali amajambula penti yatsopano ya ndeke za m'gemu ya pakompyuta youlutsa ndeke zankhondo ya IL-2 Sturmovik: 1946, ija inatuluka mu 2006. Iwo amati ma skin.

Yomwe inandigwira mtima ndi Focke-Wulf Ta 183. Ndeke ya jeti imeneyi anaijambula Hans Multhopp pansi pa Kurt Tank, mainjiniya a kampani ya ku Germany ya Focke-Wulf, mapiko ake opendekera kumbuyo madigiri 40, chipsepse chachitali, mifuti inayi ya 30 mm. Asilikali a Britain analanda maofesi a kampaniyo mu Epulo 1945 isanamangidwe ngakhale imodzi. Tank anadzapita ku Argentina, komwe anapanga ndeke ya Pulqui II yomwe inauluka mu 1950, koma Ta 183 yeniyeniyo inathera papepala. Ndiye aliyense woipenta amachita kuganizira, ndipo apo ndi pomwe luso la munthu limaonekera.

Ndinalipira K60 pa ma skin awiri. Yoyamba anatsata mitundu yomwe Ajeremani ankapaka chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse: RLM 81 ndi 82 (manambala a penti yawo) pamwamba, RLM 76 yotuwira ngati mtambo kumimba. Pomwe mitundu ikumana anafewetsa ngati yopopera ndi spray gun, osati kudula mzere ngati wa burashi. Mwaye wa pakamwa pa mifuti unali pamalo pake. Chizindikiro cha chipani cha Nazi sanaikepo, ndipo ndinamuthokoza. Agogo anga anapita ku Burma ndi Northern Rhodesia Regiment kuno ku Chipata kukadatchedwa Fort Jameson. Nkhondo imeneyo kwathu si nthano ayi.

Cholakwa chinalipo chimodzi, ndipo chinandipweteka. Pa mapiko anajambula penti yosupuka, pansi pake chitsulo chikunyezimira. Ndinati, “Iwe mwana, mapiko a ndeke iyi anafuna kuwakuta ndi matabwa opyapyala chifukwa aluminiyamu inali itasowa. Thabwa likasupuka silinyezimira.” Sanakangane nane. Anangoti, “Pepani amdala, bwerani mawa,” ndipo mawa lakelo ndinapeza wakonza popanda kuwonjezera ndalama.

Yachiwiri ndi imene ndimaulutsa usiku uliwonse. Ndinamupempha aiveke mitundu ya mbendera yathu ya Zambia: thupi lobiriwira, mizere yofiira, yakuda ndi yaolenji kuchipsepse, nkhwazi pambali pa woyendetsa. Fayilo yake ndi kachithunzi ka mitundu 256 yokha, koma nthenga za nkhwaziyo zikuoneka imodzi imodzi. Nditaikweza pamwamba pa mitambo, dzuwa likuwala pa phiko, ndinaitana amayi a kunyumba kuti abwere adzaone.

Mukafuna kupitako, dziwani kuti kashopuko ndi kothina, mpando wa kasitomala ndi umodzi, ndipo malaiti akapita ntchito imaima chifukwa jenereta alibe. Tengani fulashi yanu. Amakuikirani yekha fayiloyo mu foda ya PaintSchemes ngati mwabwera ndi laputopu. Ine ndasiya kale oda ya Heinkel Lerche, ndeke ija anaiganizira kuti izinyamuka choimirira, ndipo ndamuuza kuti Loweruka ndibwera ndi tchati yanga ya mitundu tidzasankhire limodzi.