Raspberry Pi Debug Probe: kabokosi kondionetsa zochitika m'kati mwa RP2040

Anzanga amene mumapanga zinthu ndi Raspberry Pi Pico, kachipangizo aka ka Debug Probe, kofufuzira zolakwika mu pulogalamu, kaguleni. Ine ndimapanga timabokosi toyendetsa mapampu a sola a alimi a m'madimba, kuno ku Area 25, ndipo ndimagwiritsa ntchito ma core (mbali za chipu zimene zimayendetsa pulogalamu) onse awiri a Cortex-M0+ amene ali mu chipu ya RP2040 ya pa Pico. Core imodzi imawerenga ma sensor, inayo imatumiza mauthenga.

Vuto la chipu yotere n'lakuti zonse zimachitikira m'kati, mosafika waya wa mita yoyezera magetsi. Ma core awiriwa pamodzi ndi DMA (mbali yosamutsa deta popanda kudzera mu core) amadutsa njira imodzi yolumikizirana, ya AHB-Lite crossbar, akamapita ku memori ya RAM kapena ya flash, ndipo akafuna malo amodzi nthawi imodzi, wina amadikira, ngati mmene maminibasi amapanikizirana polowa mu depoti. Kabokosi kanga kena ka mapampu kankachedwa kuzimitsa pampu, koma printf, lamulo lolemba mauthenga pa sikirini, sinkaonetsa chifukwa.

Debug Probe inatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola 12. Yanga anandibweretsera mnzanga kuchokera ku Johannesburg. Imalumikiza laputopu ndi chipu kudzera pa SWD (timapini tofufuzira m'kati mwa chipu), ilinso ndi UART yotumizira mauthenga, ndipo imayenda bwino ndi mapulogalamu ofufuzira zolakwika a OpenOCD ndi GDB. Core iliyonse umaiimitsa payokha n'kuona pamene yafika.

Koma chimene ndakakondera kwambiri ndi ichi. RP2040 ili ndi ma counter (zowerengera) 4 mu BUSCTRL, mbali yoyang'anira njira yolumikizirana ija, ndipo iliyonse umaiuza choti iwerenge: kangati malo akuti afikiridwa, kapena kangati wina anadikira chifukwa mnzake analipo kale. Nditawerenga ma counter amenewa kudzera pa Debug Probe, ndinapeza kuti kulimbirana kunali pa XIP, pomwe ma core onse amatenga pulogalamu kuchokera mu flash kudzera mu cache (kamemori kofulumira kosunga zimene zangowerengedwa) ya 16 KB yokha. Ndinasamutsira mbali yofulumira ya pulogalamu mu RAM, tizinthu ta core yachiwiri n'kutiika mu kachigawo kake ka RAM ka 4 KB, kuchedwa kuja kunatha.

Zofooka zilipo. Kachipangizoka sikajambula mauthenga akamadutsa. Kamangokupatsa chiwerengero, osati amene anayamba ndi amene anatsatira. Ukaimitsa core imodzi, nthawi imasokonekera, moti vuto la FIFO (mzere wopatsirana mauthenga) ya pakati pa ma core, imene imasunga mauthenga 8 okha mbali iliyonse, limatha kubisala. Ma breakpoint (malo oimitsira pulogalamu) a hardware ndi 4 basi pa core iliyonse. Timawaya ta Debug Probe ta mapulagi a JST n'tating'ono kwambiri, musatikoke mwamphamvu.

Ngati Pico yanu si Pico H kapena Pico WH, zimene zimabwera ndi polumikizira SWD kale, muyenera kuwotcherera nokha timapini titatu ta SWD. Ndipo amene ali ndi Pico yachiwiri yongokhala angathe kuikamo pulogalamu ya debugprobe, yoisandutsa ngati Debug Probe, n'kuyambira pamenepo pamene akudikira munthu wochokera kunja.