Shopu ya zida za makina otchetchera kapinga: pakauntala ayi, mnyamata wa ku wekishopu inde

Pa ndemanga yanga ya shopuyi ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo zonse zitatu ndi za mnyamata wawo wa ku wekishopu. Zikanakhala za bambo wa pakauntala uja, ngakhale imodzi sakanaiona.

Ndimayang'anira malo ochitira maukwati ndi zinkhoswe kufupi ndi boma la Dedza. Kapinga wathu ndi wamkulu, wa chikwakwa angafe naye, ndiye tili ndi kathirakitala kotchetchera kokwerapo kaja, ka injini ya Briggs & Stratton ya silinda imodzi. Kuchokera mu Meyi kamangogona m'shedi poti nyengo yozizira ndi chilimwe udzu sukula. Mvula itagwa mu Disembala kapinga anadzuka, ukwati uli Loweruka la sabata yotsatira. Nditapotokola kiyi, injini inangozungulira theka n'kuima ngati wina waigwira pakhosi.

Ndinaimbira shopu ya ku Lilongwe ija tonse timagulako malamba ndi mipeni ya makinawa. Bambo wa pakauntala sanandilole n'komwe kumaliza kufotokoza. "Ndi batire imeneyo bwana, kuzizira kwa ku Dedza kumapha mabatire." Ndinawauza kuti batire taitchaja ndipo nyali zikuyaka bwinobwino, koma iwo anati nyali zilibe umboni. Ndinatumiza ndalama pafoni, batire n'kubwera pa minibasi, ndipo mtengo wa batire masiku ano mukuudziwa. Kuiika, nyimbo ndi yomweyo.

Nditaimbanso anati, "Aa, ndiye kuti ndi sitata." Ndinawapempha kuti atume kaye munthu adzaone, iwo n'kunena kuti ndalama yoyendera munthu kuchoka ku Lilongwe kupita ndi kubwerera ingapose ya sitatayo. Sitata inabwera, makaniko wa njinga zamoto wapafupi anandimangira. Injini inazungulira theka n'kuimanso, sitata yatsopanoyo n'kutentha moti osaigwira. Apa ndi pamene bambo aja anayamba kuyankhula ngati sitinayankhulanepo: mwina injini yagwira, ndipo mwamwayi ali ndi injini ina yatsopano m'shopu.

Ndinakwera basi m'mawa mwake, sitata ili m'jumbo. Sindinapite kukayambana ndi munthu, ndinangofuna ndalama yanga kapena makaniko. Bambowo sanatsegule n'komwe jumbolo. Anangoloza chikwangwani kumbuyo kwawo chonena kuti katundu wamagetsi sabwezedwa, kenako n'kunena mokweza, makasitomala ena akumva, kuti amakaniko akumudzi ndi amene amawotcha zinthu. Ndinawafunsa kuti kodi ndani anandiuza kuti ndigule batire? Nanga ndani anandiuza za sitata? Anayankha kuti iwo amangopereka maganizo, wosankha ndi mwini ndalama. Mawu amenewo mpaka lero amandiwawa. Munthu amene sanaonepo makina anga, sanafunse n'komwe nambala ya injini, akundiuza molimba mtima chogula, ndiye zikakanika mlandu ukhale wanga? Ndinakweza mawu mpaka mayi wina wa mu ofesi yamkati anatuluka. Anamvetsera mbali zonse mosadula munthu, n'kunena kuti mawa atumiza mnyamata, ine ndingolipira basi ndi kabaza. Sitata yatsopanoyo ndinabwerera nayo, n'kuimangiranso.

Mnyamatayo anafika ndi kachikwama kakang'ono moti ndinakayika. Atapereka moni anati, "Madala, tayilizeni ndimve kaye." Anamvetsera, n'kutulutsa mita. Batire yatsopano inaonetsa mavolti 12.6, ndiye kuti yodzaza. Anaitanitsa yakale ija, nayo inali bwino. Kenako anaika chikhatho pa chozungulira cha pamwamba pa injini, n'kuchikankha mpaka chinadutsa pamene chimalimba, n'kundiuza kuti ndipotokole kiyi. Injini inazungulira mwaufulu kwa nthawi yoyamba chiyambire vutoli. Iye anangoti, "Ndi mavalavu awa, madala."

Mmene anandifotokozera ndi motere. Mavalavu ndi timazitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu injini. Sitata ya makinawa ndi yaing'ono, payokha singagonjetse mphamvu ya mpweya umene pisitoni imapanikiza. Choncho mkati mwa injini muli kachitsulo kamene kamatsegula valavu imodzi pang'ono pa nthawi yoliza, mpweya wina n'kuthawa, sitata n'kupeza mpata. Injini ikagwira ntchito zaka zambiri osaiona, mpata wa pa mavalavu umakula, kachitsuloko kamakankha koma valavu osatseguka. Mpweya wonse umatsekeredwa, sitata n'kukakamira. Wongomva pafoni amathamangira kunena batire.

Anachotsa pulagi, n'kumasula mabawuti anayi a chivundikiro cha mavalavu, injini ili yozizira. Anazunguliza pisitoni kufika pamwamba n'kupitirira pang'ono, ngati mamilimita 6, kenako n'kuyeza ndi timasamba tachitsulo topyapyala tija. Pa injini ngati yathuyi valavu yolowetsa imafuna mpata wa pakati pa mamilimita 0.08 ndi 0.13, yotulutsa utsi pakati pa 0.13 ndi 0.18. Yathu inali itapitirira kutali, kasamba kokhuthala kamangolowa mosavuta. Anakonza ndi sipana ndi kakiyi kamodzi, osagula kanthu. Kenako, pofuna kuti ndione ndekha, anabwezeretsa batire yakale ndi sitata yakale. Kupotokola kamodzi, inalira.

Inalira koma osakhazikika, ikukwera n'kutsika, kenako n'kuzima. Apa anatsegula thanki n'kununkhiza. Petulo anali wa nyengo yatha. Anati petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol, wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa uja, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku sivutika nazo, koma makina ogona miyezi yambiri ndi amene amavulala, chifukwa petulo akadutsa masiku 30 amayamba kuwonongeka. M'kambale ka pansi pa kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, munali madzi ndi zomata zachikasu, kabowo kolowera mafuta katatsekeka theka. Anatsuka, anasintha sefa ya mafuta, sefa ya mpweya n'kuikutumula fumbi la m'shedi, ndipo pulagi anaiika pa mamilimita 0.76. Langizo lake linali lakuti mvula ikatha tiziiliza mpaka mafuta athe m'kabureta tisanaisunge, oyilo tizisintha pa maola 50 kapena nyengo iliyonse, komanso petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu tisamathiremo ngakhale pa filing'i pakhale mzere wotani.

Chinandisangalatsa china ndi ichi. Wantchito wathu anamupempha kuti alumikize mawaya a swichi ya pansi pa mpando, ija imazimitsa injini munthu akanyamuka, chifukwa imamutopetsa akafuna kuchotsa mwala panjira. Mnyamatayo anakana. Anati malo athu ndi otsetsereka, kuno ku Dedza malo athyathyathya ndi osowa, ndipo munthu akagwa mipeni ikuzungulirabe phazi silibwerera. Anamuonetsanso kuti buleki ikapanda kupondedwa kapena mipeni ikasiyidwa yolumikiza, kiyi sayankha n'komwe, ndiye asamathamangire kunena kuti makina afa.

Kunena chilungamo, katundu wa m'shopumo ndi weniweni. Malamba amene ndinagulako zaka zapitazo akadalipo, pamene a pamsika amatha mwezi umodzi. Mayi wa mu ofesi uja anaimba yekha kufunsa ngati kapinga watchetchedwa ukwati usanafike, ndipo anali atatchetchedwa. Ndiye sindinena kuti musapiteko. Pitani mukudziwa kale chimene mukufuna, nambala ya injini mutailemba papepala, ndipo ngati simukudziwa vuto, limbikirani kuti munthu wa ku wekishopu aone makina musanatulutse ndalama. Wa pakauntala asakuyezereni matenda pafoni.

Batire yatsopano ndaisunga, idzagwira ntchito yakaleyo ikadzatha. Za sitata, mayi aja akuti ndalama sangabweze koma angandisinthire ndi mipeni iwiri ndi lamba. Ndavomera, ngakhale mitengo yake sikufanana. Bambo wa pakauntala sanapepese, ndipo nditapita kukasiya sitatayo anandipatsa moni ngati akundiona koyamba.