Chibangili cha asodzi a lobster ku Maine: mmene chakhalira nditachivala chilimwe ndi chisanu

Mwa zibangili ziwiri zimene ndinagula ku Rockland, m'chigawo cha Maine ku America, chimodzi ndimachivalabe tsiku lililonse, chinacho chinalowa m'dirowa kalekale. Ndinazipeza mu Ogasiti, pa nthawi ya chikondwerero cha lobster chotchedwa Maine Lobster Festival, kwa mayi wina amene amazipanga yekha pamanja. Zadutsa m'thukuta, zadutsanso m'chisanu cha kuno, ndiye zoona zake zaoneka.

Chimene ndimavalacho n'chamkuwa. Anachita kupinda kachitsulo kamene asodzi amayezera lobster, nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja yamchere zija. Ku Maine lamulo limati chigoba chake, kuchokera padiso kufika pamene payambira mchira, chisachepere mainchi 3¼ komanso chisapitirire mainchi 5. Ikachepa amaibweza m'madzi kuti ikakule, ikakulitsa amaibwezanso kuti izikaswana. Miyezo iwiriyo ili pachibangilipo, uku waung'ono, uku waukulu, manambala ake odindidwa mumkuwa momwemo. N'chifukwa chake ndimachikonda: si chithunzi cha nangula chongokongoletsa, ndi chida chimene munthu amagwira m'boti dzuwa lisanatuluke, chimene chimaweruza ngati nkhanuyo ipite kumsika kapena ibwerere kwawo.

Kuwala kwa poyamba kunatha msanga. Mkuwa unadera, m'mizere ya manambala munada, ndipo kwa ine chikuoneka bwino panopa kusiyana ndi tsiku limene ndinachigula. Kukatentha chimasiya kamzere kobiriwira pamkono, koma sopo amachotsa. Ndikafuna chiwale ndimachipaka madzi a mandimu osakaniza ndi kamchere, kutsuka, n'kupukuta mpaka chiume. Chovuta chenicheni ndi timano tosongoka ta pamuyezopo. M'nyengo yozizira timakola ulusi wa juzi pamkono, moti juzi yanga ina inasomphoka. Wopangayo akanatisalaza pang'ono. Ine ndinatikhula ndi sandipepa wosalala ndipo vutolo linatha. Musamachitambasule n'kuchipindanso povala, chifukwa mkuwa ukamapindidwapindidwa umauma n'kuthetheka. Chilowetseni cham'mbali, pamene mkono uli wopyapyala.

Chachiwiricho n'chachingwe, ndipo mbiri yake ndi imene inandikopa. Asodzi amamanga misampha yawo, yonga mono wathu koma yawaya, ingapo pachingwe chimodzi pansi pa nyanja. Kuyambira mu 2009 boma la America linaletsa m'madera ambiri kulumikiza misamphayo ndi chingwe choyandama, chifukwa anamgumi ankakodwamo. Zingwe zakalezo zinaunjikana, anthu n'kuyamba kulukira mamati a pakhomo ndi tinthu tina. Mayi uja anati changacho chinachokera ku chingwe chotero, ndipo ndilibe chifukwa chowakayikira.

Koma chingwe chopangidwa kuti chizigwira ntchito pansi pa nyanja sichikhala bwino pakhungu. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndimasamba m'manja pafupipafupi, ndiye madzi ndi sopo zinkakhalira m'mipata ya chingwecho, mkono n'kumayabwa. Timaulusi tinayamba kunyenyeka n'kumabaya. Kenako komangirira kake, kamaginito, kanachita dzimbiri n'kuyamba kumasuka kokha ndikamavula jekete. Mtundu wake wobiriwira sunasuluke kwenikweni, pamenepo ndiwayamikire. Zimandipweteka ndithu kuti ntchito yolukidwa mwaluso chonchi inaonongeka ndi kachitsulo kotchipa.

Amene mukufuna kugulira m'bale wanu kumudzi, tengani chachitsulo, ndipo muyambe mwayeza mkono wake, popeza muyezo wa asodziwo utali wake ndi umodzi ndipo pamkono waung'ono umakhala wakhwekhwe. Ngati khungu lake siligwirizana ndi mkuwa, funsani chasiliva kapena chachitsulo chosachita dzimbiri. Chachingwe chingatheke kwa munthu wovala mwa apo ndi apo, bola akuuzeni kaye kuti komangirira kake n'kachitsulo chanji.