Akhmatova kapena Tsvetaeva: muyambe ndi uti?

Aliyense wofuna kuwerenga ndakatulo za ku Russia za m'zaka za m'ma 1900 amakumana ndi amayi awiri, Anna Akhmatova (1889-1966) ndi Marina Tsvetaeva (1892-1941), ndipo kusankha woyamba naye n'kofunika chifukwa ambirife tidzawawerenga m'mabuku omasuliridwa, osati m'Chirasha.

Akhmatova amalemba modzigwira, ndipo chisoni amachibisa m'chinthu chooneka ndi maso. M'ndakatulo ina ya 1911, mkazi amene akusiyana ndi wokondedwa wake sadandaula konse, koma timangomuona atavala golovesi ya kumanzere kudzanja lamanja. Luso lomweli ndi limene linamupatsa mawu pamene boma la Stalin linamanga mwana wake Lev Gumilev mu 1938, iye n'kutha miyezi 17 akuima pamzere kunja kwa ndende ku Leningrad pamodzi ndi amayi ena onyamula timaphukusi ta omangidwa. Kusunga papepala ndakatulo zimene analemba zokhudza masautsowa, zotchedwa Requiem, kunali kuputa imfa, choncho mnzake Lydia Chukovskaya ankaziloweza pamtima, pepalalo n'kuwotchedwa pomwepo. Zinasindikizidwa ku Munich mu 1963, koma kwawo zinadikira mpaka 1987.

Tsvetaeva, mwana wa mayi woimba piyano, amalemba ndi khutu. Amadula chiganizo pakati n'kuchigwetsera mumzere wotsatira, amataya aneni n'kuika kamzere m'malo mwake, ndipo amalola kuti mawu ofanana kamvekedwe akokane okha mpaka atulutse ganizo limene wowerenga sanaliyembekezere. Moyo wake unali wosakhazikikanso: anachoka ku Russia mu 1922, nakhala muumphawi ku Berlin, Prague ndi Paris, ndipo atabwerera mu 1939 mwana wake Ariadna ndi mwamuna wake Sergei Efron anamangidwa. Anadzipha m'tauni ya Yelabuga ku Russia mu Ogasiti 1941.

Ine ndimalangiza kuyamba ndi Akhmatova, osati chifukwa choti amaposa mnzakeyo, koma chifukwa chithunzi chimapulumuka pomasulira pamene nyimbo ya mawu imatayika. Tsvetaeva womasuliridwa mosasamala amamveka ngati munthu wongofuula, zomwe ndi kumulakwira kwakukulu, pakuti mzere uliwonse anaupima mwakhama. Mukafika pa iye, pezani omasulira awiri osiyana, muike mabuku awo pambalimbali, ndipo mumvetsereko pa intaneti ndakatulo yomweyo ikulakatulidwa m'Chirasha musanaweruze.