Global DRO: osambira a Masters, muziyamba mwachekapo mankhwala anu

Amene mumasambira mipikisano ya Masters kuno ku UK, ija yoyambira zaka 25 n'kumakwera m'magulu a zaka zisanuzisanu mpaka kukafika kwa agogo a zaka 80 ndi kupitirira apo, webusaiti ya Global DRO muidziwe chonde. Ndi yaulere, amaiyendetsa ndi mabungwe olimbana ndi doping (kugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa pa masewera) a ku UK, America, Canada ndi Switzerland. Umasankha masewera ako, dziko lomwe unagulako mankhwala, n'kulemba dzina la mankhwalawo, basi ikuuza pompo ngati ali oletsedwa nthawi zonse, pa mpikisano pokha, kapena ali bhobho. Imapatsanso kanambala kosonyeza kuti unafufuza, kasungeni mufoni.

Pomwe yandigwira mtima ndi pa mankhwala a BP, chifukwa ife a zaka 40 kupita m'mwamba ambiri tikumwa. Amlodipine alibe vuto. Koma hydrochlorothiazide, yemwe kumudzi amangoti HCT uja amapereka m'zipatala zambiri, ndi woletsedwa chaka chonse pamodzi ndi furosemide ndi indapamide, poti mankhwala okodzetsa amatha kubisa zina zomwe munthu wamwa, ndiye tangoganizani mayi amene akungosamala moyo wake kupezeka pa mndandanda umodzi ndi akuba mipikisano. Inhela ya salbutamol ndi yololedwa koma osapyola ma microgram 1600 pa maola 24, komanso osapyola 600 pa maola 8. Tramadol analowa m'gulu loletsedwa pa mpikisano kuyambira 1 January 2024, ndipo insulin naye ali pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi doping. Zonsezi imakuonetsa bwinobwino, mpaka kusiyanitsa kuti awa ndi akumwa, opaka kapena obaya.

Zoperewera zilipo. Ma supplement, maufa a protein aja ogula pa intaneti, siyiwayang'ana n'komwe, pamenepo fufuzani pa botolo chizindikiro cha Informed Sport, chosonyeza kuti anayezedwa ngati mulibe zoletsedwa. Komanso Malawi mulibe pa mayiko osankha, ndiye mapiritsi amene abale akutumizirani kapena munagula muli ku holide, werengani pa paketi dzina la zomwe zili mkatimo n'kulemba limenelo, makamaka aja osakaniza mitundu iwiri m'piritsi limodzi.

Anzanga ena ku kalabu amati zonsezi n'zachabe, akuluakulu asiyeni azisambira, palibe ndalama ikuwinidwa apa. Ine ayi sindigwirizana nazo. Munthu amadzuka 5 koloko m'chisanu cha January kukasambira asanapite ku ntchito, chaka chonse, kenako adzapitidwe ndi bambo wa zaka 55 amene akudzibaya testosterone popanda matenda? Zimawawa zimenezo, mendulo kaya ndi yotchipa bwanji. Ndipo matesteroidi pa mtima wa zaka zimenezo ndi ngozi yeniyeni. Malamulo agwire ntchito kwa tonse, bola wodwala asavutitsidwe, ndipo njira yake ilipo kale: chilolezo cha TUE, chololeza wodwala kugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa, chomwe ife osambira wamba nthawi zambiri timatha kupempha titayezedwa kale, komanso kuyambira 2021 malamulo a WADA amazindikira munthu wongochita masewera posangalala n'kumupepukitsira chilango.

Ndiye musasiye mankhwala a BP chifukwa Global DRO yati oletsedwa, ayi ndithu. Pitani nazo kwa dokotala wanu, sungani makalata onse a kuchipatala, ndipo muzichekanso January aliyense poti mndandanda umasintha chaka ndi chaka.